Tsiku Limene Wosaphethira Anathawa

1. Dzina la kusukulu

Kusukulu ankamutcha Wosaphethira. Dzinali analipata tsiku lina aphunzitsi a masamu atadwala, atsikana n'kuunjikana pa foni imodzi kuonera filimu ya mizukwa. Anzake onse anabisa nkhope m'manja, wina mpaka anagwa pa benchi miyendo m'mwamba, koma iye anangoti maso tong'o mpaka kumapeto, uku akutafuna chingamu. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lenileni linatsala pakamwa pa aphunzitsi okha.

Dzina lotere limafuna kulidyetsa. Wosaphethira anayamba kusakasaka mafilimu oopsa kuposa oyamba aja: a anthu odulana ndi macheka, a mitembo yoyenda, a ana ogwidwa ndi ziwanda. Filimu yopanda magazi ankati ndi ya makanda. Mnyamata wina atagwa pa njinga pageti la sukulu n'kung'ambika chibwano, anzake anathamanga kukamudzutsa, iye n'kuseka.

"Timagazi timeneti basi? Simunaone zinthu inu," anatero.

Kunyumba dzina limenelo silinkadziwika. Kumeneko anali mwana wachisamba m'banja la ana awiri. Bambo ake ankakonza mafoni m'kashopu kakang'ono pafupi ndi pokwerera basi, ndipo mayi ake ankagwira ntchito pa bekale. Ankachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu, moyandikana ndi mayi wina wosoka zovala.

Mlongo wake wamng'ono, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankamutcha Kamchira. Mchemwali wake akapita kukagula sopo, iye pambuyo. Akakhala pansi kulemba za kusukulu, iye pambali ndi pensulo yake yopanda nsonga. Ngakhale akalowa m'bafa, Kamchira ankakhala pakhomo n'kumamuuza nkhani kudzera pamng'alu wa chitseko.

Mwanayu anali ndi matenda akugwa, aja amati khunyu. Ankamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, koma nthawi zina matendawo ankabwerabe osagogoda. Mwayi wake unali wakuti ankawamva akamayandikira. M'mimba munkamutentha, m'kamwa n'kumamva ngati wanyambita chitsulo, ndipo ankathamangira kwa mchemwali wake.

Mayi awo anali atamuphunzitsa mtsikanayo kalekale.

"Mwanangu, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndi bambo ako timachokapo, wotsala ndi mwanayu ndiwe. Akagwa, choyamba chotsa chilichonse chimene chingamupweteke, kaya ndi mpando, kaya ndi moto, kaya madzi otentha. Umuikire kansalu kumutu. Usamupanikize, ndipo usamuike supuni m'kamwa ngakhale anthu akuuze chotani. Kugwedezeka kukatha, umugoneke chammbali kuti malovu atuluke. Ndipo uzimulankhula. Akamatsitsimuka amakhala ndi mantha kwambiri, amafuna mawu a munthu wake. Matendawa sapatsirana, si ziwanda, si ufiti. Ndi mlongo wako yemweyo, kungoti thupi lamupandukira pang'ono."

Ntchito imeneyi Wosaphethira ankaidziwa bwino. Anali ataichita kambirimbiri, kunyumba, panjira, ngakhale pampopi anthu akuonerera, ndipo manja ake sankanjenjemera.

2. Zimene bambo anapeza

Foni yake inali ya zigamba. Bambo ake anaipanga kuchokera ku mafoni atatu amene eni ake anawataya. Tsiku lina galasi lake linasweka, ndipo poweruka kusukulu anadzera kukashopu kuja.

Bambowo anavala magalasi awo pansonga ya mphuno, n'kumasula tizomangira ting'onoting'ono. Ataika galasi latsopano n'kuyatsa, filimu inapitirira pomwe mwini wake anailekezera. Mfuu unadzaza kashopu konse. Mayi wina amene ankadikira chaja chake analumpha mpaka chikwama chinagwa.

Bambowo anazimitsa, anapepesa kasitomala uja, kenako analoza kampando kapakona.

"Mama, khala apo. Ine ntchito yanga ndi kutsegula mafoni a anthu. Foni ikagwera m'madzi, mwini wake amaipukuta kunja, amaiyatsa, akaona kuti ikuyaka amati yapulumuka. Sadziwa kuti m'kati dzimbiri layamba. Imayenda sabata, imayenda mwezi, kenako imadzazima tsiku limene akuifuna kwambiri. Mutu wa munthu uli chimodzimodzi, kungoti ulibe zomangira zoti ine ndimasule n'kupukuta."

"Ababa, inetu sindiopa."

"Kusaopa kwakoko ndi kumene kukundiopsa ine. Munthu akaona mnzake akuvutika amayenera kumva kuwawa penapake. Iwe ukuonera munthu akudulidwa, uku ukutafuna chingamu. Ndipo taonetsetsa zimene anthu opanga zinthuzi amachita. Amatenga nkhope ya wodwala, ya nkhalamba, ya wolumala, n'kuisandutsa chilombo. Diso limaphunzira, mama. Ukalionetsa chinthu chomwecho tsiku ndi tsiku, limaloweza ngati mmene iwe umalowezera za mayeso."

"Komatu ndi zopeka izi, ababa. Magaziwo ndi utoto."

"Pakamwa pako pakudziwa kuti ndi zopeka. Kodi miyendo yako ikudziwa?"

Wosaphethira anafuna kuseka, koma anadzigwira. Bambo ake anaoneka ngati ali ndi mawu ena, koma mnyamata wina anatulukira ndi foni yosalira, nkhani n'kuthera pomwepo. Bambowo anafufuta mafilimu onse asanamubwezere foniyo.

M'mawa mwake, nthawi yopuma isanathe, mnzake wina anali atamutumiziranso onse aja, n'kuwonjezerapo ina yatsopano. Mawu a bambo anawaponyera kunkhongo.

3. Loweruka masana

Filimu yatsopanoyo inali ya kamnyamata kamsinkhu wa Kamchira. Mzimu woipa unkakalowa, ndipo kankapha abale ake mmodzimmodzi. Kasanaphe munthu, khosi lake linkapindika, maso n'kutembenuka kutsala oyera okhaokha, thovu n'kumatuluka pakamwa.

Wosaphethira anaionera pang'onopang'ono sabata yonse. Kunena zoona, imeneyi inamulowa. Anayamba kupewa kuyang'ana m'makona, ndipo akamasamba sankatsinzina ngakhale sopo amulowe m'maso. Koma munthu wa dzina ngati lakelo akanauza ndani kuti akuopa?

Loweruka mayi ake analowa ntchito masana, bambo ake ali kushopu kuyambira m'mawa. Kamchira ankasewera panja ndi kagalimoto ka mawaya. Wosaphethira anayala bulangete pansi, analumikiza ayironi kumagetsi n'kuyamba kusita yunifolomu yake. Anatseka makatani kuti chithunzi chizioneka bwino, anatsamiritsa foni pansapato, n'kutseka makutu onse awiri ndi timawaya tomvera.

Filimu inali itafika kumapeto. Kamnyamata kaja kanatsala ndi mchemwali wake yekha m'nyumba. Wosaphethira anaimika ayironi, kanyali kake kofiira kakuyaka, n'kuiwala zosita.

Nthawi yomweyo Kamchira analowa atagwira pamimba.

"Achemwali, zikubwera."

Sanamve.

"Achemwali!"

Chimene anamva ndi dzanja lozizira litamugwira pamkono. Anatembenuka. M'kamdima ka chipindacho anaona nkhope ya mwana pafupi ndi yake, khosi likupindikira kumbali, maso akukwera m'mwamba kutsala oyera okhaokha. Kubuula kumene kunatuluka pakhosi pa Kamchira kunakumana ndi kubuula kumene kunali m'makutu mwake.

Wosaphethira anakuwa. Anamenya kadzanja kaja kuti kamusiye, analumpha bulangete, timawaya n'kuzuka m'makutu. Anatuluka, anamenyetsa chitseko, n'kukoka chitsulo chotsekera kunja.

Apa ndi pamene pamawawa kufotokoza. M'kati munayamba kumveka zidendene zikumenya pansi, du du du, phokoso limene iye ankalidziwa kuposa munthu aliyense pamalopo. Koma sanatsegule. Anagwira chogwirira cha chitseko ndi manja awiri n'kumakokera kwa iye, kuti chimene chili m'katimo chisatuluke.

4. Fungo

Mayi wosoka zovala uja anamva mfuu, n'kuimitsa makina ake. Anatulukira tepi yoyezera ili m'khosi.

"Iwe, n'chiyani? Njoka?"

Mtsikanayo anangogwedeza mutu, akukokabe chitseko.

"Nanga mwana ali kuti? Kagalimoto kake kali apa."

Asanayankhidwe, fungo linawapeza. Loyamba linali la bulangete lopsa. Lachiwiri linali lina, ndipo mayiwo atalimva sanafunsenso kanthu. Anamukankhira mtsikanayo kumbali, anakoka chitsulo chija n'kulowa.

Kamchira anali gone pansi. Mwendo wake unali utakola chingwe, ayironi n'kugwa, ndipo inali itatsamira pamkono wake kuyambira pachigongono kutsikira kudzanja. Iye sankamva chilichonse. Thupi linkangogwedezeka, mkono n'kumadzikhuza pachitsulo chamotocho.

"Mayo ine, mwana wa eni!"

Mayiwo anazula chingwe kukhoma, anakankhira ayironi kutali, n'kuika nsalu yawo kumutu kwa mwanayo.

"Madzi! Bweretsa madzi ozizira, iwe! Waima ngati mtengo bwanji?"

Mawu amenewo ndi amene anamudzutsa Wosaphethira. Kuwala kwa panja kunali kutalowa m'chipindamo, ndipo pansi panalibe chilombo chilichonse. Panali mlongo wake, kabudula atanyowa, bondo lili ndi fumbi la kosewera. Anathamanga n'kubwera ndi ndowa, theka la madzi litatayikira panjira.

Anathira madzi pamkonopo mpaka kugwedezeka kunatha. Kamchira anatsegula maso pang'onopang'ono. Kenako ululu unamupeza, ndipo analira kulira kumene Wosaphethira anali asanakumvepo m'filimu iliyonse.

Foni inali ikadali pansi pafupi ndi nsapato, anthu a m'katimo akukuwabe ndi timawu ting'onoting'ono. Mayi wosoka uja anaiyang'ana, anayang'ana chitsulo cha pachitseko, kenako anayang'ana mtsikanayo.

"Thamanga ukaitane bambo ako," anatero motsitsa mawu.

5. Pambali pa bedi

Mayi awo anafika kuchipatala ufa udakali m'mikono, kachipewa koyera ka ku bekale kali kumutu. Anapeza Kamchira atamangidwa bandeji mpaka kuzala, atagona chafufumimba, nkhope italoza kukhoma. Namwino anawauza kuti bala ndi lakuya, chipsera chidzatsala, ndipo za zala ziwiri zakumapeto adzaziona bala likamapola.

Namwino atachoka, mayiwo anakhala pamphepete pa bedi. Bambo anaima kumiyendo. Mayi wosoka uja anali atabwerera kunyumba osanena chilichonse chokhudza chitseko.

"Unali kuti, mwanangu?" mayiwo anafunsa. "Unapita kumpopi eti? Kapena unali kuchimbudzi? Nena, zimachitika."

Njira yothawira inali pomwepo, mayi ake omwe atamutsegulira. Akanangovomera ndi mutu, nkhani ikanakhala ya ayironi yoiwalika basi. Wosaphethira anayang'ana bandeji ija.

"Ndinalipo, amayi."

"Unalipo?"

"Anabwera kudzandiuza. Anandigwira pamkono. Ine ndinkaonera filimu, ndiye nditamuona maso, ndinaona ngati si iye. Ndinamumenya dzanja. Ndinathawa, n'kutseka chitseko kunja, iye ali m'kati."

Bambo ake anavula magalasi n'kutembenukira kuwindo. Sananene kuti ndinakuuza, ndipo kusanena kwawoko kunamupweteka mtsikanayo kuposa mbama.

Mayiwo atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika, poopa kudzutsa mwana.

"Pamene mwanayu anayamba kugwa, iwe unali wamng'ono, zina sukuzikumbuka. Eni nyumba ina anatitulutsa, ati tiwapatsira ana awo. Mayi wina anaswa kapu imene iye anamwera, ine ndikuona. Kusukulu mpaka lero ena sakhala naye benchi imodzi. Anthu anena zambiri, ati ziwanda, ati tinakhwimira malonda. Zonsezo ndinkapirira. Ndikamakanda ufa kuntchito mtima unkakhala m'malo, chifukwa ndinkati m'dziko lonse lino mwana wanga ali ndi munthu mmodzi amene sadzamuthawa."

"Pepani, amayi."

"Sindikumenya ayi. Ndikumenye kuti khungu lake libwerere? Madzi akatayika saoleka. Koma umve izi, ndipo udzauze anzako aja mumaonera nawo. Anthu a m'mafilimu akowo akamaliza amadzuka, amakasamba, amapita kwawo kukadya ndi ana awo. Mantha amasiyira inu. Mumayesa mwawaona n'kuwasiya m'foni, osadziwa kuti mwawanyamula. Iwe unawanyamula mpaka m'chipinda mwathu, n'kuwaveka pankhope ya mlongo wako. Uyu sadzuka n'kukasamba, mwanangu. Chipsera ichi adzakwatira nacho."

Wosaphethira analira mpaka mawu anatha. Palibe mwa atatuwo amene anaona kuti Kamchira, nkhope ili kukhoma, anali maso.

6. Chikwama

Atatuluka m'chipatala, Kamchira anasiya kutsatira munthu. Mchemwali wake akapita kugolosale, iye ankatsala pakhomo pa mayi wosoka uja n'kumatola tinsalu totsala ndi dzanja limodzi. Akamusendera lalanje, ankalandira n'kunena kuti zikomo ngati akuthokoza mlendo. Akamufunsa ngati mkono ukuwawa, ankayankha akuyang'ana pansi.

Foni ija Wosaphethira anaisiya yekha pathebulo la bambo ake kushopu, ndipo sanaifunsenso. Kusukulu mnzake uja atamuitana ndi dzina lake lotchuka lija, iye anangodutsa ngati akuitana wina.

Masiku opuma amene mayi awo anapempha kuntchito anali pafupi kutha. Tsiku lina poweruka kusukulu anapeza chikwama chachikulu chili pabedi, mayi ake akupinda timalaya ta Kamchira, bambo ake atakhala pampando ngakhale inali nthawi ya ntchito.

"Amayi, mukulongedza za chiyani?"

Anayankha ndi bambo ake.

"Azakhali ako avomera kumutenga Kamchira. Iwo amakhala pakhomo tsiku lonse, golosale yawo ili m'nyumba momwemo. Sukulu akapitiriza komweko."

Kwa azakhaliwo kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ankapitako kamodzi pachaka, chaka china osapitako n'komwe.

"Ababa, chonde! Foni ndinabweza. Sindidzaoneranso, ndikulumbira."

"Ndikukhulupirira, mama, ndipo ichi si chilango. Koma mayi ako akubwerera kuntchito, ine ndili kushopu. Foni wabweza, nanga zimene zinalowa kale ndani azitulutse? Undiyang'ane m'maso. Akagwanso mawa, muli awiri m'chipinda muno, ungandilonjeze kuti ukhala pambali pake?"

Wosaphethira anafuna kuvomera, koma anadziwa kuti likhala bodza. Kuyambira tsiku lija, nthawi zina akayang'ana mlongo wake m'kamdima, nkhope ya m'filimu ija inkabwera kaye pang'ono, kenako yeniyeniyo n'kubwerera. Ankadana nazo, ankapemphera kuti zichoke, koma zinali zisanachoke. Anaweramitsa mutu, misozi n'kudonthera pa yunifolomu.

Kamchira anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, mkono wa bandeji uli pachifuwa. Analowa mozemba mchemwali wake, n'kukaima pafupi ndi mayi ake.

"Amayi."

"Ee, bambo anga."

"Kwa azakhali chitseko chimatsekedwanso kunja?"

Mayiwo anaima, kamalaya kali m'manja. Bambo anatsitsa nkhope. Wosaphethira anamva ngati pansi pang'ambika, chifukwa apa ndi pamene anadziwa kuti mlongo wake anamva zonse kuchipatala kuja, ndipo masiku onsewa anazisunga yekha mumtima.

Nthawi yomweyo foni ya bambo inalira m'thumba. Anaitulutsa n'kuyang'ana.

"Ndi azakhali ako. Ayenera kuti akufuna kudziwa ngati agule tikiti ya mawa yodzamutengera mwanayu."

Wosaphethira anapukuta m'maso ndi mkono, anayang'ana Kamchira, kenako anatambasula dzanja.

"Ababa, musanawayankhe, ndipatseni ndilankhule nawo ineyo. Ndiwauze zochita Kamchira akagwa, ndi zoti asadzamutsekere chitseko."

Bambo ake anayang'ana dzanjalo, anayang'ana akazi awo, foni ikulirabe.